Magazi akabweranso mutasiya kusamba, musazengereze

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno ndi onenepa kupyola muyezo, pomwe mu 1992 adali 10 okha. Ambirife tikamva izi timaganiza za shuga ndi BP. Koma kunenepa kumakhudzanso chiberekero.

Mwezi ndi mwezi, homoni ya estrogen imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Dzira likatuluka, homoni ina ya progesterone imaletsa kukulako, ndipo ngati simunaime khungulo limatuluka ngati msambo. Estrogen ikachuluka popanda inzakeyo, khungu limangokhuthala. Madokotala amatcha vutoli endometrial hyperplasia. Si khansa ayi, koma mtundu wina, umene maselo ake asintha maonekedwe, ungasanduke khansa ukalekereredwa.

Mafuta a m'thupi nawo amapanga estrogen, ngakhale mayi atasiya kusamba. N'chifukwa chake kunenepa kuli patsogolo pa zoika mayi pachiopsezo. Zina ndi izi: matenda a shuga, kudumpha msambo miyezi ingapo chifukwa dzira silikutuluka, kutha msinkhu msanga, kuchedwa kusiya kusamba, kusatengapo pathupi, ndi kumwa tamoxifen, mankhwala a khansa ya m'mawere. Ngati mukumwa mankhwalawa musasiye, koma auzeni adokotala mukaona magazi.

Vutoli limapezeka kwambiri mwa amayi amene akuyandikira kusiya kusamba kapena adasiya kale. Zizindikiro zake ndi msambo wochuluka kapena wotenga masiku ambiri, magazi apakati pa mwezi, ndi magazi alionse, ngakhale kadontho, patatha chaka mutasiya kusamba. Umenewo si msambo wobwerera.

Inu mavolontiya a zaumoyo, gwiritsitsani mfundo iyi: kuyeza kwa VIA kumaona khomo la chiberekero, osati m'kati mwake. Mayi amene adauzidwa kuti khomo lili bwino, koma akutaya magazi, apitebe kuchipatala. Kumeneko amaunika ndi sikani, ndipo nthawi zina amatapa kachidutswa ka khungulo kukapima.

Likadziwika msanga, nthawi zambiri limatha ndi mankhwala okhala ndi progestin, monga mapiritsi kapena lupu ya mahomoni, osachotsa chiberekero.

Amayi athu ndi agogo sakonda kuuza ana awo za kumaliseche. Pezani mayi mnzawo amene amamasuka naye, awafunse, ndipo muwaperekeze kuchipatala sabata yomweyo.