Anamapopa a ku Mulanje: Kukana Kokha Sikuthetsa Mphekesera

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 2017, anthu a m'midzi yambiri ya m'boma la Mulanje adaleka kugona m'nyumba zawo. Dzuwa likalowa, amayi ndi ana ankatenga mikeka n'kukasonkhana pabwalo limodzi, pamene amuna ankachezera usiku wonse m'misewu atanyamula zibonga, zikwanje ndi miyala. Chimene ankaopa ndi anamapopa, anthu amene mbiri yawo idamveka kuti amafika usiku, kufooketsa mwini nyumba ndi mankhwala, kenaka n'kumupopa magazi. Mbiriyi idalowera cha ku malire a dziko lino ndi Mozambique, kumene anthu a ku Muloza ndi a ku Milange ali pachibale ndipo amayenderana tsiku ndi tsiku. Pasanathe milungu yambiri idali itafika ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mumzinda wa Blantyre.

Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 adali ataphedwa. Tiyenera kunena momveka bwino kuti mwa anthu amenewa panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafa chifukwa chopopedwa magazi. Onse adaphedwa ndi magulu a anthu amene ankati akuteteza midzi yawo. Mmodzi wa iwo adali mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu, amene adatenthedwa cha ku Chileka. Amene mkwiyo wa gulu udawagwera adali alendo, apaulendo ndi odwala, anthu amene sakadatha kudzifotokoza msanga pamaso pa khamu lolusa pakati pa usiku.

Chitayiko sichidathere pamaliro pokha. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ofesi ya kazembe wa dziko la America idachotsa anyamata ndi atsikana a Peace Corps m'maboma a kumeneko. Bungwe la madokotala a m'dziko muno lidadandaula kuti antchito a zaumoyo akuchitidwa chipongwe chifukwa chonyamula zipangizo zopimira odwala, ndiponso kuti maambulansi akugendedwa. Tangoganizani za mayi wapakati amene matenda adamuyamba usiku m'masiku amenewo, msewu uli wotsekedwa ndi miyala ndi zipika. Mkulu wa apolisi pa nthawiyo, a Lexten Kachama, adalengeza kuti anthu 140 adamangidwa, ndipo chiwerengerochi chidakwerabe pambuyo pake.

Amene ali ndi zaka zokwanira akumbukira kuti aka sikadali koyamba. M'mwezi wa Disembala chaka cha 2002, dziko lili pa njala, mbiri yomweyi idabuka ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre. Pa nthawi imeneyo anthu ankati Boma likupereka magazi a anthu ake kwa mabungwe akunja posinthana ndi chimanga. Pulezidenti Bakili Muluzi adakana nkhaniyi poyera. Koma mu Januwale 2003 gulu la anthu lidagenda ndi kuvulaza a Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula cha UDF mumzinda wa Blantyre, powaganizira kuti akusunga anamapopa. M'mwezi womwewo mtolankhani wa wailesi ya MIJ adamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu amene ankati adapopedwa magazi. Mphekesera sidathe chifukwa cha kumangidwa kwakeko. Idazilala yokha, n'kukagona zaka 15.

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri tipeza nkhani ya ku Chilobwe. Kuyambira Sepitembala 1968 kufikira Malichi 1970, anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera a mumzinda wa Blantyre. Uko kudalidi mitembo ndipo kudalidi wakupha. Walla Laini Kawisa adagwidwa mu 1970 ndipo khoti lidamupeza wolakwa. Komabe mbiri imene idayenda pakamwa pa anthu idali yakuti magazi a ophedwawo akupita ku South Africa kukabweza ngongole za Boma. Ngakhale m'nthawi ya atsamunda, anzathu a ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zambia, ankanena za banyama, anthu ogwira anzawo kuti awachotse magazi potumidwa ndi azungu.

Tikaziika pamodzi nkhani zonsezi tiona kuti zili ndi msana umodzi. Wopopa magazi sakhala mfiti ya m'mudzi imene anthu aidziwa dzina ndi mtundu wake. Amakhala munthu wochokera kunja, wa galimoto ndi zipangizo, wotumidwa ndi anthu a ndalama, ndipo nthawi zonse anthu amati akuluakulu akumudziwa koma akumubisa. Apa ndiye pagona vuto la wantchito wa Boma. Mphekesera yamtunduwu imabadwa itamuika kale m'gulu la oganiziridwa. Tsono Bwana D.C. kapena mkulu wa apolisi akaimirira pamsonkhano n'kunena kuti anamapopa kulibe, womvera amene ali ndi mantha amangoti, “Nanga akadanena chiyani?” Kukana kumene kumasanduka umboni.

Sitikunena kuti akuluakuluwo adalakwa pokana. Adanena zoona, ndipo zoona ziyenera kunenedwa. Tikunena kuti adafika mochedwa, ndiponso kuti kwa anthu ambiri a m'midzi nkhope zawo zidali zachilendo. Pulezidenti Peter Mutharika adapita yekha kukachititsa misonkhano m'maboma okhudzidwawo mu Okutobala 2017, ndipo anthu ena adaimirira pamaso pake kufotokoza zimene ankakhulupirira kuti zidawachitikira. Kumvetsera kotereku kudali koyenera. Koma kukadayamba m'mabwalo a mafumu m'masiku oyambirira, maliro oyamba asanachitike, kochitidwa ndi anthu amene mudzi udawazolowera.

Chifukwa chiyani Mulanje? Ena amayankha msanga kuti ndi umbuli, ndipo yankho limeneli ife sitilivomera, pakuti mphekesera yomweyi idapha anthu mumzinda wa Blantyre, pakati pa masukulu ndi mawailesi. Mulanje ndi boma la anthu oposa 680,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo malo ambiri achonde kunsi kwa phiri ali m'manja mwa maesiteti a tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Banja limalima kamunda kosakwanira kudya chaka chonse. Chaka cha 2016 chidali cha chilala, pamene anthu oposa 6 miliyoni m'dziko muno adafunika chithandizo cha chakudya. Mu 2017 alimi a kum'mwera adakolola nandolo, mbewu imene ankayembekeza kuti iwachotsa manyazi, koma mu Ogasiti dziko la India, limene limagula nandolo wambiri, lidachepetsa wolowa m'dziko mwake ndipo mtengo udagweratu. Mwezi wotsatira anamapopa adamveka. Sitinganene kuti nandolo ndiye adabala mphekesera. Koma munthu amene waona thukuta lake likupita kwa anthu osawadziwa pa mtengo umene sadaufunsidwe savutika kukhulupirira kuti magazi ake nawonso ali ndi msika kwinakwake.

Palinso china chimene ife ogwira ntchito m'maofesi sitikonda kuchiyang'ana. M'midzi mumafikadi alendo a magalimoto oyera, ndipo ena a iwo amatengadi magazi. M'zaka za 2015 ndi 2016 kudachitika kafukufuku wa dziko lonse wa kachilombo ka HIV, amene antchito ake ankayenda khomo ndi khomo kupima magazi a anthu ovomera. Ntchitoyo idali yabwino ndi yovomerezeka. Momwemonso bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limapeza magazi ambiri kwa ophunzira a m'masukulu a sekondale, ndipo magaziwo amapulumutsa amayi pobereka ndi ana odwala malungo. Koma amene adafotokozeredwa ndi mwini khomo limene alendowo adalowa, kapena mwana amene adapereka magaziwo. Woyandikana naye adangoona galimoto, mabokosi ndi timabotolo, ndipo zotsalazo adamva kwa kandimverere, amene makolo athu adati adakanena za m'maluwa. Kalata yodziwitsa mfumu ikathera pa tebulo la kalaliki, mudzi umadzipezera wokha tanthauzo la zimene waona.

Kwa aphunzitsi tili ndi mawu apadera, pakuti ife amene tidagwirapo choko tidziwa kuti mphunzitsi ndi wantchito wa Boma amene amagona m'mudzi, kutunga pa mjigo umodzi ndi makolo ndi kukhala nawo pamaliro. Phunziro la magazi lili kale m'mabuku a sayansi, koma kawirikawiri timaliphunzitsa kuti ana akhoze mayeso basi. Mwana wa Sitandade 7 angathe kumvetsa kuti munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. Kuti wopereka magazi amachotsedwa osakwana theka la lita, kudzera mu singano yaikulu imene imasiya bala looneka. Kuti magazi akatuluka m'thupi amaundana pakangopita mphindi zochepa ngati salowa m'thumba la mankhwala ake. Ndiponso kuti amasungidwa mufiriji, pa kuzizira koyezedwa, kwa masiku pafupifupi 35 okha. Mwana wodziwa zimenezi adzafunsa yekha kuti munthu woyenda pansi mumdima, wopanda singano kapena firiji, magaziwo angapite nawo kuti. Funso lotere likachokera kwa mwana wa m'nyumba momwemo limalowa pamene mawu a pa wailesi salowa.

Mphunzitsi yemweyo asaseke mayi amene wadzuka wofooka, mutu ukuwawa, akunena kuti usiku china chake chidamupana pachifuwa ndipo adalephera kufuula. Mayiyo sakunama. Kudzidzimuka m'tulo thupi lili louma, munthu akuona ngati m'chipinda muli wina, ndi chinthu chodziwika kwa madokotala, ndipo chimachuluka pamene munthu sakugona mokwanira ndiponso ali ndi nkhawa. Kufooka nako kuli ndi magwero ake odziwika bwino kuno kwathu: malungo, kuchepa kwa magazi m'thupi, ndi njala imene. Madokotala adanena poyera mu 2017 kuti sadapeze umboni wakuti munthu wina aliyense adapopedwa magazi. Chofunika n'kumuperekeza mayiyo ku chipatala m'mawa mwake, mfumu ikudziwa, ndi kubwera kudzauza mudzi zimene achipatala apeza.

Pa za lamulo sitifuna kutalikitsa. Kupha munthu woganiziridwa ndi mlandu wakupha, ngakhale opha akhale mudzi wonse, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mfumu imene ilola zipika kuikidwa pamsewu wa m'dera lake idziwe kuti amene adzaimitsidwe pamenepo usiku angakhale namwino, woyendetsa ambulansi, kapena mphunzitsi watsopano amene wangotumizidwa kumene ndipo sadziwa dzina la nyakwawa.

M'miyezi ya Malichi ndi Epulo chaka cha 2020 mbiri ya anamapopa idabukanso, ulendo uno m'chigawo cha kumpoto ndi chapakati, kutali ndi phiri la Mulanje ndi minda yake ya tiyi. Anthu adaphedwanso, ndipo zidachitika pa nthawi imene matenda a Covid-19 ankalowa m'dziko muno, pamene antchito a zaumoyo ankafunika kuyenda m'midzi kukapima anthu.