Kwathu kwa Kadewere si dzala la mzinda

Pali mawu awiri amene inu a m'tauni mumawakonda mukaona munthu atagona pakhonde la sitolo ku Limbe. Mumati: "Azipita kwawo." Ndawamva m'minibasi, ndawamva pa wailesi, ndawamvanso kwa mabwana a mataye amene amati akufuna kuthandiza. Iwowa sanena mwachipongwe ayi. Amati tiwamangire nyumba yabwino anthu amenewa, koma ikhale kunja kwa mzinda, kumene kuli malo ambiri ndi kamphepo kayaziyazi. Ine ndikulemba ndili kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu, kumodzi mwa "kwawo" kumene mumanenako, ndipo mawu anga ndi awa: nyumba yogona anthu osowa pokhala a mu Blantyre imangidwe mu Blantyre momwemo, pakati penipeni, poti aliyense aziiona. Kuimanga kwina kulikonse ndi kutaya ndalama ndi kutaya anthu.

Tiyambe ndi kwawoko. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma lathu, limene ndi limodzi mwa maboma ang'onoang'ono komanso othithikana kwambiri m'dziko muno. Munda umene agogo ankalima okha, lero augawana adzukulu asanu, aliyense mizere yake yowerengeka. Kuno n'kwachikamwini: munda umatsata mbumba, mwamuna amakalima kwa mkazi. Tsono mnyamata amene mayi ake adatsikira kuli chete, kamunda n'kutengedwa ndi alongo ake oti nawonso ali ndi ana, mukamutsitsa pa Thumbwe apita pakhomo pa yani? Adya nsima masiku awiri ngati mlendo. Tsiku lachitatu mphika uyamba kuchepa, nkhope ziyamba kusintha. Sabata isanathe mumupezanso pa depoti ya Limbe, mwina asanabwerere n'komwe dalaivala amene adamutula. Si mwano. Ndi njala.

Ndipo njira ya ku Limbe sitidaiyambe ndife. Adaitsegula ndi atsamunda pamene adatenga nthaka yabwino n'kuisandutsa maesiteti ngati a A.L. Bruce ku Magomero, n'kubweretsa thangata ndi msonkho wa nyumba. Mkwiyo umene udaphulika ndi John Chilembwe mu 1915 udali wa nthaka ndi thukuta lomwelo. Limbe adakula ndi njanji ndi fodya wa Imperial Tobacco, ndipo amene ankasenza mabelo adali anthu a kuno, a ku Thyolo, a ku Mulanje. Chiyambire, mzinda umafuna manja athu masana, koma thupi lathu usiku sulifuna. Ndirande adamera motero, anthu akudzipezera okha pogona poti bwana sadawaganizire.

Chida chosesera anthu otere chidali lamulo la vakabu, limene lidalowa m'malamulo athu nthawi ya atsamunda kuchokera ku lamulo la ku England la 1824. Azungu adapita, lamulo lidatsala. Kamuzu adapita, lamulo lidatsala. Matipate adabwera mu 1994, lamulo lili phee. Zidatengera wogulitsa majumbo, amene apolisi adamugwira m'bandakucha mu Malichi 2015 akupita kukagulitsa ku Limbe, kuti nkhaniyi ifike ku khoti lalikulu. Mu Januwale 2017, pa mlandu wa Gwanda umenewo, oweruza adagamula kuti ndime 184(1)(c) ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Khoti la za ufulu wa anthu la mu Africa, la ku Arusha, lidaperekanso maganizo ofanana mu Disembala 2020 pa malamulo a vakabu a m'maiko onse a kuno. Koma ndime ikafa papepala, mtima umene udaibala sufa msanga. Mpaka lero timati apolisi "akusesa." Kodi chosesedwa n'chiyani, abale, ngati si zinyalala? Nyumba yomangidwa kutchire ndi vakabu yemweyo, wangovala jekete la kutchalitchi.

Mufunseni wogona pakhondeyo chifukwa chake sagona ku Mpemba kapena ku Lunzu kumene kuli bata. Akuuzani kuti chakudya chake chili pamsika. Galimoto ya kabichi ndi tomato ikafika kusanache, wotsitsa ndi iye. Mayi akagula thumba la ufa, wosenza mpaka pa siteji ndi iye. Wotola mabotolo, wolondera galimoto, wotsuka mbale m'malesitilanti, wotsogolera agogo ake osaona kukapempha Lachisanu, onsewa ntchito yawo imayamba tambala asanalire kachiwiri, ndipo imafuna munthu amene ali pomwepo. Mukamuika kutali, ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera imeza ganyu yense wa tsikulo. Munthu si wopusa. Asankha katoni pafupi ndi nsima kusiyana ndi matiresi kutali ndi nsima. Mwaiwala Operation Dongosolo ya 2006? Mavenda adachotsedwa m'misewu ndi mphamvu, koma pang'ono ndi pang'ono adabwerera, poti kasitomala ali mumsewu.

Ena mumati malo alipo kale, boma lili nawo ku Mpemba, msewu wa ku Chikwawa, ndi ku Chilwa m'boma la Zomba. Amenewo ndi malo osinthira khalidwe la ana amene alakwira malamulo. Kusowa pogona si mlandu. Ndipo kulibe malo kumeneko a bambo wa zaka 50 amene ntchito yaulonda idatha, landilodi n'kumutulutsira katundu panja.

Anzathu a ku Joni adayesa kale njira yotaya anthu kutaliyi. Mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, khonsolo ya Cape Town idasonkhanitsa anthu oposa 1,000 ogona m'misewu n'kukawaunjika m'matenti ku Strandfontein, kutali ndi pakati pa mzinda. Madokotala a MSF adadzudzula poyera momwe anthuwo ankakhalira, ndipo pasanathe miyezi iwiri msasawo udatsekedwa. Ndalama zidapita, anthu ambiri adabwerera m'misewu.

MSF yomweyo ife a ku Chiradzulu timaidziwa bwino, ndipo idatiphunzitsa kanthu. Mu 2001 idayamba kupereka ma ARV pachipatala cha pa boma, nthawi imene maliro adali tsiku ndi tsiku. Sipadatenge nthawi kuona kuti wodwala wa kumudzi sangathe kuyenda mtunda wonsewo mwezi ndi mwezi. Sadanene kuti wofuna moyo abwere yekha. Adanyamula mankhwala n'kupita nawo m'zipatala zing'onozing'ono za m'midzi, ndipo anthu amene tidawalira kale ali moyo mpaka lero, akulima nandolo. Thandizo limatsata munthu kumene ali. Nzeru imeneyi idagwira ntchito kumudzi kuno. Yalephera bwanji kukwera minibasi imodzi yokha kufika ku Civic Centre?

Ndikudziwa zimene muyankhe, ndipo sindizipeputsa. Muti ana masikini ena ndi akuba, amatsomphola zikwama ndi mafoni, amaopseza amayi madzulo. N'zoona, ndipo wakuba agwidwe ngati wakuba aliyense, ngakhale wa taye. Koma taganizani: woopsa ndani, mnyamata amene wadya, wasamba, wagona m'nyumba imene woyang'anira akudziwa dzina lake, kapena amene wagona pansi pa mlatho wa Mudi m'chiperoni cha mu Julaye, pakati pa akuluakulu omutuma kukaba ndi omugwirira? Nyumbayo siibweretsa anawo pakhomo panu. Ali pakhomo panu kale. Imene mukuikana ndi nyali, mdima wokha mwauvomera.

Muti tikamanga m'tauni, a kumudzi onse athamangira komweko. Pepani, palibe amene amasiya kwawo chifukwa cha mphasa ndi bulangete. Chimatithamangitsa ndi munda wochepa, feteleza wokwera mtengo, bambo wopeza wankhanza, ndi mtengo wa nandolo ukagwa ngati mu 2017 pamene India idachepetsa kugula. Ndiponso chiwerengero chake si choopsa monga mumaganizira. Kafukufuku amene Chisomo Children's Club ndi bungwe la Retrak adatulutsa mu 2015 adapeza ana oposa 1,700 m'misewu ya Blantyre, koma ambiri mwa iwo madzulo ankabwerera kumakomo, mumzinda momwemo. Ogona kunja kwenikweni adali gawo lochepa. Mwamva? Ambiri "kwawo" ndi m'makwalala a Blantyre yemweyo. Mzinda wa anthu 800,000 ungalephere kupezera denga ana mazana ochepa pamodzi ndi akuluakulu amene ali m'vuto lomwelo?

Muti malo m'tauni ndi odula. Odula kwa yani? Mafilingi siteshoni akumera ngati bowa. Malo oimika galimoto amapezeka. Nyumba zakale zogumuka, zija Kamuzu ankazijambula nyenyezi yofiira, zina zikadalipo. Malo a galimoto alipo, a munthu ndiye asowe?

Komatu ndisakunamizeni kuti malo okha ndi mankhwala. Pa 31 Ogasiti 2023 moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pakati pa Johannesburg, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Nyumbayo idali ya khonsolo, ndipo kale idali pothawira amayi ndi ana ozunzidwa. Idali pamalo oyenera ndithu. Chidaipha ndi kulekerera: eni ake adaitaya, zigawenga zidailanda n'kumalipiritsa anthu lendi, mkati mudamangidwa tizisakasa ta matabwa, zipata zili zokhoma. Tsono wosankha malo asankhenso amene adzalipire madzi, magetsi ndi malipiro a woyang'anira chaka chachisanu, pamene a nyuzi ndi makamera adzakhale atapita. Kudula riboni n'kosavuta.

Tsiku limene a meya ndi makhansala adzakhale pansi kusankha malo, ndikupempha zinthu zochepa. Asamange chinyumba chimodzi chachikulu ngati ndende. Amange kapena abwereke zing'onozing'ono zingapo: ina pafupi ndi msika ndi depoti ya Limbe, ina cha ku Wenela ndi msika wa Blantyre, ina ku Ndirande, zonse poti munthu afike wapansi. Ana paokha, amayi ndi atsikana paokha, abambo paokha. Pakhale mpopi, chimbudzi, ndi kabokosi kokhoma koti munthu asungemo katundu wake. Khomo litseguke madzulo popanda wapolisi pageti, ndipo wofuna kutuluka m'bandakucha kukatsitsa kabichi atuluke. Isakhale m'mphepete mwa Mudi kapena m'tsinde mwa phiri, poti tidaona zimene zidachitika ku Chilobwe. Mwana amene ali ndi abale oti angamulandire abwezedwe, inde, koma wa zachitukuko ayambe wafika pakhomopo, aone chimene chidamuthawitsa. Ndipo asanakhome chikhomo, akawafunse eni ake ogona panjawo. Iwo ndiwo akudziwa khonde limene limadontha ndi ngodya imene kumachitika zoopsa. Wa mu ofesi sadziwa.

Ndatchula Chilobwe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba, ndipo kuno ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira udakokoloka. Usiku umenewo aphunzitsi, amabizinesi, anthu a nyumba zamalata adagona pasimenti m'makalasi. Palibe amene adawauza kuti azipita kwawo. Tidatsegula sukulu ndi matchalitchi apafupi, tidapereka mabulangete, ndipo tidachita bwino. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: mwambiwu tidaumvetsa sabata imeneyo.

Wogona pakhonde ku Limbe naye adakumana ndi namondwe wake, kungoti adamugwera yekha, popanda wailesi kulengeza. Ife kwa Kadewere timakutumizirani tomato, nandolo, alonda ndi atsikana olera ana anu, ndipo simubweza. Musamangotibwezera amene mwatha nawo ntchito. Mzinda umene wadya thukuta la munthu umupatsenso pogona.