Gogodera wadya zala zokwanira, amisiri a ku Mwanza kanani

Loweruka lina posachedwapa, pa boma pano pa Mwanza, ndinapita kukatenga chitseko cha khola kwa owotcherera zitsulo. Kuseri kwa shedi ndinapeza anyamata anayi ataunjikana pa foni imodzi, mitu itagundana. Ndinkayesa akuonera mpira. Ayi ndithu, pa foniyo panali mzungu ali m'galaja yake, akupala thabwa la mfuti yake ya shotgun, kusintha tizitsulo ta kukamwa kwa mpope, kenako n'kupita kubwalo kukaswa timbale tadongo touluka m'mwamba. Mmodzi mwa anyamatawo, amene zaka 20 sanakwanitse, anatembenukira mmisiri uja n'kunena kuti, "Abwana, izi zingakukanikeni inu? Paipi ndili nayo kunyumba." Onse anafa nacho chiseko. Ine mtima unandipweteka, chifukwa dzanja lamanja la malume anga lili ndi zala ziwiri zokha.

Ndinali sitandade 5 pamene zinachitika. Nguluwe zinali zitatha chinangwa cha malume, munda wonse kusanduka ngati pamalo pokumba mbewa. Atatopa ndi kugona m'chisakasa akuimba zitini usiku wonse, anagula gogodera kwa munthu wina wa kumalire, pomupatsa mbuzi ndi mathumba awiri a chimanga. Kawiri konse mfutiyo inalira bwinobwino. Ulendo wachitatu inaphulikira m'manja. Ndimakumbukira fungo la onga pa malaya awo, ndi chitenje cha azakhali chimene anakulunga nacho dzanjalo, chitanyowa magazi mpaka kudontha. Amuna anayi anawanyamula pa machira usiku wonse kufikira pamsewu. Malume anali mmisiri woluka madengu ndi malichero, ndipo anthu ankachokera midzi yakutali kudzawagula. Kuyambira tsiku limenelo sanang'ambenso nsungwi. Lero amadya ndi dzanja lamanzere, ndipo pamaliro kapena paukwati amadikira anthu athe kudya kuti iwo akhale paokha. Nguluwe zija zinapita zili moyo, chinangwa chinatha, mbuzi inapita, ntchito ya manja awo inathera pomwepo. Ndiye wina adzandiuze kuti kuseweretsa mpope wa mfuti ndi luso!

Anyamata inu, chimene foni sikuonetsani ndi ichi. Mzungu uja sakuyamba ndi paipi ya madzi. Mfuti imene ili m'manja mwake inapangidwa ndi chitsulo chosungunulidwira ntchito imeneyo, ndipo isanagulitsidwe inayesedwa. Ku Britain kuli nyumba zimene ntchito yake ndi imodzi basi, kuyesa mipope ya mfuti. Ya ku Birmingham inakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1813, ya ku London ndi yakale kuposa pamenepo. Kumeneko amaika mu mpope mphamvu yoposa imene mfuti idzakumane nayo pa moyo wake wonse, n'kuiombetsa anthu ali kuseri kwa khoma. Ikapirira amaidinda chizindikiro, ikang'aluka amaitaya. Kugulitsa mfuti yosadindidwa ndi mlandu, ndipo mwini wake akaukuza mpopewo kapena kuufooketsa, chidindo chija chimatha ntchito mpaka mfutiyo ikayesedwenso. Zaka zoposa 200 zapitazo anthu amenewa anali atadziwa kale kuti maso a mmisiri, ngakhale waluso chotani, sangaone mng'alu umene uli m'kati mwa chitsulo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipolopolo cha shotgun chikaphulika, mphamvu imene imakankha makoma a mpope imaposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 300. Paipi ya madzi ili ndi msoko kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndipo inapangidwa kuti inyamule madzi a pa mjigo. Msoko umenewo ukatseguka umatsegukira pa dzanja logwirizira ndi pa maso a woombera. Palibe mankhwala a sing'anga, palibe mphini, zimene zingalimbitse chitsulo chimene sichinapangidwire moto.

Tsono zimene akatswiri a masewera oombera amasintha pa mfuti zawo, zambiri ndi za thabwa: kulitalikitsa kapena kulifupikitsa kuti likhale bwino paphewa, kulikweza kuti tsaya ligone pomwe diso likuona bwino, kuika labala yofewetsa kugunda. Za mpope amazisiyira mmisiri wa chiphaso. Masewerawa ali ndi malamulo okhwima. Mpikisano wa trap unalowa mu Olimpiki mu 1900 ku Paris, wa skeet mu 1968 ku Mexico City, ndipo bungwe la ISSF limene limayendetsa masewerawa limanena kukula kwa mfuti yololedwa ndi kulemera kwa timipira ta m'chipolopolo, magalamu 24 okha. Oyang'anira amayesa zida za opikisana. Mfuti imayenda yothyoledwa pakati, yopanda chipolopolo, mpaka munthu ataima pamalo pake. Kumbuyo kwa kanema wa mphindi zisanu kuli kalabu, bwalo lotchingidwa, chiphaso cha apolisi, kabati ya chitsulo yokiya, ndi chipatala chapafupi. Ife tikufuna kutengapo kachidutswa kamodzi kokha, ka tupa ndi sowo, zina zonsezo n'kuzisiya. Safunsa anadya phula.

Ndipo tisamayankhule ngati mfuti ndi mlendo kuno. Boma lino lagundana ndi Mozambique, ndipo kuchoka pa chipata chathu kukafika ku Zobue ndi mtunda woyenda pansi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome mu 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo midzi yathu inadya nawo nsima imodzi. Nkhondo inatha koma mfuti zake sizinathe. Zina zinakwiriridwa m'minda, zina zinaoloka malire kudzera m'njira za mbewa. Mu Disembala 1993 asilikali a boma atalanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, ena a iwo anathawira ku Mozambique komweko ndi mfuti zawo. Mu 2016 namonso anthu oposa 10,000 ochokera ku Tete anadzadza mudzi wa Kapise asanasamutsidwire ku Luwani. Funsani amayi aja amene anagona m'matenti ndi makanda nyengo ya dzinja ngati mfuti ndi choseweretsa. Dera limene laona zonsezi siliyenera kuombera m'manja mwana amene akufuna kuphunzira kusula mfuti.

Tayang'ananinso kumwera kwathu, kumene Mkulumadzi umatsikira kukathira mu Shire. Nkhalango ya Majete, ya masikweya kilomita 700, inasanduka chigoba chifukwa cha gogodera, misampha ya waya ndi mfuti za nkhondo ija. Zipembere zinatha, njovu zinatha, mikango inatha. Anthu a msinkhu wanga tinakula tikungomva za nyama zimenezi m'nthano za agogo, chikhalirecho tikukhala pakhomo pake. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks, ndipo chaka chomwecho zipembere zinabwerera, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Lero ana a sukulu amakwera galimoto kukaona njovu ndi maso awo, anthu a m'midzi yozungulira analembedwa ntchito, ena akugulitsa uchi. Chuma chimenechi chinabwezeredwa ndi thukuta ndi ndalama zambiri, ndipo chingathenso m'zaka zochepa ngati tilola kuti mashedi athu asanduke mafakitale a mfuti. Ku Thambani nako, nkhalango imene makala aidya kale mbali imodzi, tinyama totsalato tikuthera m'mapoto a anthu odziwika bwino.

Ndikudziwa chimene ena akuyankha mumtima. Akuti, "Inu mukulemba muli pa boma. Ife anyani akutithera chimanga, nguluwe zikufukula mbatata, mbava za ng'ombe zikubwera usiku, ndipo apolisi ali kutali. Tidziteteze ndi chiyani?" Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Ndi funso lomwelo limene linawatuma malume kukagula gogodera. Mlimi amene munda wake ukutha ali ndi ufulu wokwiya, ndipo nthambi yoona za nyama zakutchire ili ndi ngongole kwa iye: ifike msanga akaitana, ithamangitse nyama zoononga, imuthandize njira zotetezera mbewu. Apolisi nawo ali ndi ngongole ya kulondera m'midzi ya m'malire. Koma mfuti yosula kumudzi siibweza ngongole imeneyi. Imangoonjezera wolumala m'nyumba. Ndipo ikapanda kuphulika, siikhala nthawi yaitali ikusaka nguluwe. Lero ili m'munda, mawa mphwake waibwereka, mkuja yaloza wa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa M6 kapena mayi wogulitsa manachesi amene akubwerera kunyumba ndi ndalama za tsikulo m'chitenje. Mfuti yopanda nambala ilibe mwini, ndipo mbava zimaikonda pa chifukwa chomwecho.

Tsono ndiloleni ndiloze chala, chifukwa mlandu uli ndi eni ake.

Inu amisiri owotcherera, mfuti zimenezi sizimera m'tchire ngati bowa. Pali manja amene amadula, amene amalumikiza, amene amalandira ndalama n'kutseka pakamwa. Manja amenewo amadziwika m'mudzi uliwonse. Luso lanu ndi limene latipatsa mafelemu a mawindo, ngolo, mbaula ndi zigayo zoyenda, ndipo ndimalilemekeza. Musalidetse ndi magazi. Lamulo la mfuti la dziko lino limaletsa kupanga mfuti kapena kukhala nayo popanda chilolezo, ndipo kuyambira mu 2017 lamulo la nyama zakutchire limalola khothi kulamula munthu zaka zofika 30 m'ndende chifukwa cha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka. Ndalama ya tsiku limodzi singalipire zaka zimenezo.

Inu mabwana ogula nyama yowamba mobisa, amene mumaimika galimoto m'mbali mwa msewu n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Ya m'tchire ilipo?", inu ndiye mukudyetsa ntchito yonseyi. Mlenje sakanaika dzanja lake pachiswe pakanapanda inu. Akagwidwa mumakhala muli m'maofesi, akaphulikiridwa simupita kukamuzonda. Manyazi akugwireni.

Inu mafumu athu, kwa Kanduku, kwa Nthache, kwa Govati, mudzi ndi wanu. Nyumba imene muli gogodera a nyakwawa amaidziwa, monga amadziwira nyumba imene muli kachasu. Mwakwanitsa kuletsa maukwati a ana ndi malamulo a m'midzi. Ikani nkhani ya mfuti pabwalo lomwelo.

Inunso aphungu, tsinde la lamulo limene tikudalira ndi la mu 1967, pamene nkhondo ya Renamo inali isanayambe, pamene kunalibe foni yoonetsa mwana wa ku Kunenekude zimene munthu akuchita m'galaja ku America. Dziko lathu lili m'gulu la SADC limene mu 2001 linapangana za kuchepetsa mfuti zoyenda mwachinyengo. Pangano lingathandize chiyani ngati kumudzi munthu akuopa kupereka mfuti chifukwa akaipereka amangidwa? Mlimi amene wasunga gogodera wa bambo ake kudenga, ndipo akufuna kuthana naye, apatsidwe nyengo yokamusiya kwa mfumu kapena kupolisi popanda unyolo.

Zimenezi anzathu anazichita, tsidya lomweli. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula pomwepo anthu akuona, ndipo amisiri anaziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando umodzi wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezo uli ku British Museum ku London. Taonani: owotcherera omwewo, moto womwewo, ntchito ina. Mipingo ya ku Mwanza, mizikiti ndi mabungwe ogwira ntchito kuno, chikukulepheretsani n'chiyani kuchita chimodzimodzi ndi mbewu, mbuzi kapena thumba la feteleza?

Sindikudana ndi masewera oombera chandamale. Ngati pali wachinyamata wa diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera, ndipo kuno alipo ambiri amene amagwetsa njiwa ndi legeni, njira yake ndi ya masana: chiphaso, mfuti yoyesedwa, mphunzitsi, ndi bwalo lovomerezeka. Unduna wa zamasewera ndi apolisi ngati akuona kuti luso limeneli ndi lofunika, atsegule khomo limenelo poyera. Chimene ndikukana ndi mtima wanga wonse ndi njira ya usiku, ya paipi ndi tupa, imene imathera kuchipatala, kundende kapena kumanda. Amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere m'manja, koma iyi siifota, imachotsa manjawo.

Mmisiri uja wa pa boma anangopukusa mutu n'kupitiriza ntchito yake osayankha. Kukhala chete kumeneko sikukwanira. Mnyamata akadzabweranso ndi paipi yake, abambo, muuzeni mawu omveka kuti ayi, mumuuzenso chifukwa chake, ndipo makolo ake adziwe tsiku lomwelo. Amayi ndi abambo amene mukuwerenga, kwerani kudenga madzulo ano, suzumirani kuseri kwa nkhokwe ndi pansi pa bedi la mnyamata wanu. Mukachipeza chinthucho musachiyese, musachisunge, musachigulitse. Pitani kwa mfumu mukanene, apolisi abwere adzachitenge.