Chenjezo kwa a m'maesiteti a Thyolo: magazi a m'bale sangothiridwa chifukwa ndi m'bale

Mvula ikayamba, tiyi amaphuka ndipo ntchito yothyola imachuluka ku Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Nyengo yomweyo udzudzu umaswana, malungo n'kuyamba kumaliza ana magazi. Ndiyonso nthawi imene ana asukulu, omwe amapereka magazi ambiri m'dziko muno, amapita kutchuthi cha Khirisimasi. Odwala achuluka, opereka achepa. Kodi mayi akataya magazi pobereka usiku pa chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, adzawapeza kuti?

Ambiri timayankha kuti, “Abale alipo, adzapereka.” Apa ndi pamene pagona ngozi.

Magazi a anthu ali m'magulu anayi: A, B, AB ndi O, monga anatulukira Karl Landsteiner ndi anzake kuyambira mu 1901. Gulu lililonse limakhalanso pozitivu kapena negativu. Bambo wa gulu A ndi mayi wa gulu B angathe kubereka ana anayi, aliyense ndi gulu lakelake. Choncho mchimwene wanu wa bere limodzi akhoza kukhala ndi magazi oti thupi lanu liwakana.

Kukanako si kwamasewera. Wa gulu O akathiridwa magazi a A, thupi lake limawathira nkhondo n'kuwaphwanya. Amayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kumva msana kupweteka, mkodzo n'kuda; impso zikhoza kuleka kugwira ntchito, munthu n'kutisiya. Wa O amalandira a O okha. Wa A amalandira A kapena O, wa B amalandira B kapena O, pamene wa AB amalandira onse. Magazi a O negativu amathandiza pafupifupi aliyense pa ngozi, koma eni ake ndi ochepa kwambiri.

N'chifukwa chake a ku labu amayamba ayeza ngati magazi akugwirizana. Musawakalipire kuti akuchedwa. Ndipo inu odikirira odwala, mukaona zizindikiro zija magazi ali mkati molowa, itanani anamwino nthawi yomweyo. Musadikire kuti botolo lithe.

Amayi oyembekezera, funsani gulu lanu ku sikelo. Mayi wa negativu akabereka mwana wa pozitivu, thupi lake likhoza kudzalimbana ndi magazi a mwana wa mimba yotsatira. Pali jakisoni wa anti-D woteteza zimenezi, koma amafunika pasanathe maola 72 chibadwire mwana. Mayi akamapita padera mobwerezabwereza, tisamangothamangira kuloza mfiti tisanayezetse.

Tisaiwalenso 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinawirira ku Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo. Anthu osalakwa anaphedwa, ogwira ntchito zaumoyo anaopa kulowa m'midzi. Mantha amenewo akabwerera, adzalipira ndi moyo ndi mwana wa malungo uja. A bungwe la Malawi Blood Transfusion Service (MBTS), lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, amabwera masana, poyera, ndipo sakakamiza munthu. Amatenga magazi osakwana theka la lita, omwe thupi limabwezeretsa lokha. Amawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanawatumize kuzipatala. Kuyezaku kumafuna nthawi, ndipo wotaya magazi nthawiyo alibe. Magazi opulumutsa munthu lero ndi amene wina anapereka kale.

Eni maesiteti, patulani tsiku loti a MBTS abwere, ndipo wopereka magazi asadulidwe malipiro. Makapitawo, mafumu, abusa ndi mashehe, yambani ndinu kutambasula mkono anthu akuona. Inu othyola tiyi, a m'fakitale ndi a kabaza, ngati muli ndi thanzi ndipo mwakwana zaka 16, pitani mukapereke. Mudzadziwanso gulu lanu, mulilembetse m'buku lanu la kuchipatala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chitani zimenezi mvula isanakhazikike.