Makina ocheza nawowa akuchidula pakati Chichewa chathu

Sabata zingapo zapitazo malume anga adandiimbira foni kuchokera kumudzi. Mbozi zidalowa m'munda wa chimanga, ndipo iwo adamva kuti masiku ano achinyamata tili ndi "mlangizi wa mufoni" amene amayankha chilichonse. Ndidatsegula imodzi mwa mapulogalamu a AI aja, n'kulemba funso lawo m'Chichewa, kenako n'kuwawerengera yankho. Mizere iwiri yoyamba idayenda bwino. Pofika wachitatu, mawu adayamba kupotoka, ena osamveka n'komwe, ena ooneka ngati a Chiswahili. Malume adaseka n'kufunsa: "Kodi mlangizi wakoyo ndi wa ku Tanzania?"

Tidaseka tonse, koma ine funsolo lidandikhala. Funso lomwelo nditalilemba m'Chingerezi, yankho lidabwera loyera ngati madzi a pamjigo. Ndiye vuto lili pati? Anzanga ena amati Chichewa n'chovuta, makina sangachithe. Ine nditawerenga momwe zinthuzi zimagwirira ntchito, ndikuti ayi. Vuto layambira pa zisankho zimene anthu adapanga kalekale, pa nthawi yosandutsa malemba kukhala manambala, ndipo popanga zisankhozo ife kudalibe.

Tiyambire pansi penipeni. Kompyuta siidziwa chilembo, imadziwa nambala basi. Mukalemba A, iyo imasunga 65. Dongosolo limeneli, lotchedwa ASCII, lidakhazikitsidwa ku America mu 1963 ndipo lili ndi malo 128 okha, okwanira Chingerezi. Zilembo za zinenero zina zidadikira Unicode, yomwe idatuluka mu 1991, komanso njira yosungira ya UTF-8 imene Ken Thompson ndi Rob Pike adaipanga mu 1992. Chilembo chathu cha ŵ chilimo ndithu mu Unicode, koma chimatenga malo awiri pomwe w wamba amatenga amodzi. Pulogalamu ina ikawerenga fayilo ndi dongosolo lakale, malo awiri aja imawaona ngati zilembo ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake mwina mudaonapo dzina la dziko lathu litasanduka "MalaÅµi" pa tsamba lina kapena pa risiti. Si ufiti, ndi kusamvana kwa makina awiri.

Ngakhale pa meseji wamba nkhani ndi yomweyi. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili pa mndandanda wa GSM, umene udakonzedwera zinenero za ku Ulaya. Mukangoikamo ŵ mmodzi, foni imasinthira ku dongosolo lina ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga umodzi umasanduka iwiri kapena itatu, mayunitsi n'kupita. Ife a Chichewa ambiri tidasiya kale kulemba ŵ, ndiye mwina sitimva kuwawa. Koma ganizirani mnzathu wa ku Rumphi amene m'Chitumbuka chake ŵ amapezeka pafupifupi mu chiganizo chilichonse.

Tsopano tibwere kwa makina ocheza nawo. Maloto olankhula ndi kompyuta si atsopano. Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku MIT adapanga ELIZA, pulogalamu yomwe inkangotembenuza mawu ako n'kukubwezera ngati funso. Zinthu zidasintha mu 2017 pomwe ofufuza a ku Google adatulutsa njira ya Transformer, ndipo pa 30 November 2022 ChatGPT idafika m'manja mwa aliyense. Makina amenewa sawerenga liwu lathunthu ngati ife. Amayamba aduladula malemba m'tizidutswa, tomwe akatswiri amati ma token, ndipo kachidutswa kalikonse kamapatsidwa nambala. Mndandanda wa tizidutswato umapangidwa poona zimene zimabwera kawirikawiri m'malemba ophunzitsira, omwe ambiri mwa iwo ndi a Chingerezi. Liwu lodziwika la Chingerezi limakhala kachidutswa kamodzi. Liwu la Chichewa limaphwanyidwa ngati mtedza.

Apa mpamene pali nkhani. Chichewa chimanyamula chiganizo chonse m'liwu limodzi. Taonani "sindidzakuuzaninso". Mmenemo muli si- wokana, -ndi- amene ndi ine, -dza- wa m'tsogolo, -ku- ndi -ni amene ndi inu, -uza tsinde lake, ndi -nso wobwereza. Mwana wa sitandade 5 amamva zonsezi osaganiza kawiri. Koma mpeni wa makina sudula potsata mfundo zimenezi, umadula pomwe ziwerengero za Chingerezi zaulozera. Ukadula molakwika, makina amayenera kuphunzira movutikira kuti tizidutswa topanda tanthauzo timeneti tikakumana timati chiyani. Ndipo kachidutswa kamodzi kakasochera, "sindidza" ndi "ndidza" zimatha kusinthana. Pa nkhani ya mankhwala, kusiyana kwa "musamwe" ndi "mumwe" ndi moyo wa munthu.

Chitsanzo china chidandiseketsa ndi kundikwiyitsa nthawi imodzi. Mu malamulo odulira mawu amene OpenAI idatulutsa poyera limodzi ndi GPT-2 mu 2019, olembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python, muli mzere umene umapatula 'm, 'd, 's ndi 't kukhala tizidutswa patokha. Adauikamo chifukwa cha mawu ofupikitsa a Chingerezi monga I'm. Ndiye mzere womwewo ukakumana ndi "m'mudzi" umatulutsa m, 'm ndi udzi. "M'dziko" amasanduka m, 'd ndi ziko. Palibe amene adafuna kutilakwira. Kungoti amene ankalemba mzerewo sankadziwa kuti kuli anthu mamiliyoni ambiri amene amalemba m' kutanthauza mkati.

Zimenezi zimakhudzanso thumba. Makampani amalipiritsa opanga mapulogalamu potengera kuchuluka kwa ma token. Mu 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Oxford adayerekeza malemba amodzimodzi omasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo adapeza kuti m'zinenero zina amatalika mpaka ka 15 kuposa m'Chingerezi. Tanthauzo lake n'loti mnyamata wa ku Ndirande amene akufuna kupanga pulogalamu yoyankha m'chinenero chakwawo amalipira zambiri kuposa mnzake wa ku London pa uthenga wofanana, yankho limachedwa, komanso makina amaiwala msanga zimene mumakambirana poyamba paja. Wosauka ndi amene akugula modula.

Wina anena kuti: "Koma aise, zinthu zasintha, makinawa akuyesetsa." N'zoona, ndipo sindikukana. Google Translate idaika Chichewa mu December 2014. Mu 2022 Meta idatulutsa makina omasulira zinenero 200, ndipo Chichewa ndi Chitumbuka zilimo. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayesa kwa alimi a kuno pulogalamu ya Ulangizi, yoyankha mafunso m'Chichewa pa WhatsApp potengera buku la ulangizi la unduna wa zamalimidwe. Izi ndi zabwino. Koma zikusonyezanso kuti nthawi yongosewera yatha. Makinawa alowa kale m'minda, ndipo m'zipatala ndi m'mabanki muli panjira. Yankho lopotoka silidzakhalanso nkhani yoseka ndi malume.

Mpeni wodulira mawu ndi theka chabe la vuto. Theka lina ndi njala ya malemba. Makinawa amaphunzira powerenga, ndiye awerenga chiyani? Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pomwe ya Chichewa ikungoyenda cha m'ma 1,000. Ofufuza za zinenero za mu Africa akhala akudandaula kuti malemba ambiri omasuliridwa amene alipo ndi a chipembedzo. N'chifukwa chake makina ena akamalemba Chichewa amamveka ngati ali pa guwa, pomwe iwe umangofunsa za bandulo. Chichewa chathu chenicheni, cha mu minibasi, cha pamsika wa Lizulu, cha pamaliro, chili m'ma voice note ndi m'magulu a WhatsApp, komwe makina sachiona. Ndipo tinene zoona, n'kwabwino kuti sakuchiona, poti zimenezo ndi zachinsinsi zathu.

Chimene chimandipatsa mtima n'choti pali anthu amene sadadikire Silicon Valley. Gulu la ofufuza a mu Africa la Masakhane mu 2022 lidatulutsa malemba ophunzitsira makina kuzindikira mayina a anthu, malo ndi mabungwe m'zinenero 20, kuphatikizapo Chichewa. Kuno kwathu Dr Amelia Taylor wa ku MUBAS ndi mmodzi mwa amene agwira ntchito yosonkhanitsa ndi kusanja malemba a Chichewa. Ntchito yotere ndi yotopetsa, yokhala pansi n'kumaika chizindikiro pa liwu limodzilimodzi, ndipo siimveka pa wailesi. Koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Nanga dziko lichite chiyani? Chuma tili nacho, koma chili m'makabati. Kuli nyuzi za Chichewa za MBC za zaka zambirimbiri, kuli Boma Lathu, kuli mabuku a kusukulu, kuli Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba. Zambiri mwa izi zili pa pepala, pa matepi, kapena m'zithunzi za masamba zomwe kompyuta siingawerenge ngati mawu. Zimene zidalembedwa ndi ndalama za msonkho zisandutsidwe malemba a pakompyuta, mu UTF-8, ndipo ofufuza athu azipeze mosavuta. Za eni ake, monga manyuzipepala ndi olemba mabuku, pakhale mgwirizano womveka: ndani akutenga, akulipira chiyani, ndipo makina akapangidwa ife tiwagwiritsa ntchito pa mtengo wanji. Tisadzapereke chimanga chaulere n'kumadzagula ufa wake m'madola.

Boma ndi mabungwe amene akugula makina oterewa afunsenso funso limodzi asadasaine: adayesedwa ndi ndani m'Chichewa, ndipo adalakwa kangati? Kungoona kuti akupereka moni sikokwanira.

Inu ndi ine gawo lathu ndi laling'ono koma lilipo. Mukalemba poyera, pa Facebook kapena kwina, nthawi zina lembani Chichewa chonse, osati "zkm" ndi "bho" zokhazokha. Makina akakuyankhani zopotoka, dinani kabatani kodandaulira kaja. Ndipo pa nkhani ya mankhwala, a munthu kapena a mbewu, musadalire yankho la mufoni lokha. Malume anga mapeto ake adakwera njinga kukapeza mlangizi weniweni, ndipo chimanga chidapulumuka.