Dinari Sinasulidwe Kuti Igone m'Bokosi

M'chaka cha 77 cha Hijra, Khalifa Abdul Malik bin Marwan analamula kuti ku Damascus kusulidwe dinari yatsopano ya golide. Anachotsapo zithunzi zonse za anthu nalembapo mawu a Tauhid. Iliyonse inkalemera magalamu 4.25.

Mu 2019, ku London, dinari imodzi ya m'chaka cha 105 cha Hijra inagulidwa pa mapaundi 3.72 miliyoni. Anthu achuma amatolera ndalama zoterezi n'kuzitsekera m'mabokosi achitsulo, amvekere akusunga mbiri.

Mbiriyo ndimaiphunzitsa ku madrasa, ndipo ndimailemekeza. Chimene ndikukana n'chakuti Msilamu abisale kuseri kwa mbiri pothawa zakaat. Dinari inasulidwa kuti izilipira mahari, izigula tirigu, iziyeza gawo la osauka. Madinari 20, omwe ndi magalamu 85, akagona chaka, gawo limodzi mwa magawo 40 si lanunso. Golide sasiya kukhala golide chifukwa wakalamba, ndipo Surat At-Tawba imachenjeza mwaukali omuunjika.

Kunyanja kuno madinari tilibe. Koma phindu la usipa ndi mpunga lomwe mwasunga chaka chonse, likafika pa nisaab, lamulo lake n'lomwelo. Kodi mwaliwerengera?