Makina alipo, koma dzino la ku Ndirande likuzulidwabe

Munthu wa ku Ndirande kapena ku Bangwe dzino likamuvuta, amayamba ndi panado, kenaka makapisozi ogula pagolosale. Pofika ku Gulupu tsaya litatupa, chotsala n'kuzula basi.

Kunjaku madokotala a mano ena amatenga malovu kapena litsiro la m'mbali mwa usinini n'kuliyeza ndi njira ya PCR. Njirayi, yomwe Kary Mullis adatulukira mu 1983, imachulukitsa kachidutswa ka DNA ya kachilombo mpaka kadziwike. Ubwino wake ngwakuti m'kamwa mwa anthu mumapezeka mitundu pafupifupi 700 ya mabakiteriya, ndipo yambiri simera m'mbale za mu labotale. PCR imagwira ngakhale tizilombo tovuta kumeretsa monga Porphyromonas gingivalis, kamene kamawononga usinini mpaka mano kugwedera.

Ku Blantyre luso lotere si lachilendo. Makina a GeneXpert amayeza TB m'njira yomweyi, Covid-19 idayezedwa ndi PCR mu 2020, ndipo a Malawi-Liverpool-Wellcome, pafupi ndi Gulupu pomwepo, akhala akufufuza DNA ya tizilombo ta typhoid ndi chibayo.

Nanga bwanji osayamba kuyeza mano? Vuto ndi loti kachilombo kobowola mano, Streptococcus mutans, kali m'kamwa mwa anthu ambiri, odwala ndi osadwala omwe. Kamasandutsa shuga kukhala asidi yemwe amadya dzino. Choncho makina akanena kuti kalipo, mayi wa ku Zingwangwa auzidwa zomwe akadamva popanda kuyeza: mwana achepetse maswiti, mafizesi ndi tiyi wa shuga wambiri, azitsuka mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Bowo la m'dzino dokotala amaliona ndi maso.

Pomwe PCR ingathandizedi ndi pa matenda a usinini okanika kuchira, kuti mankhwala asankhidwe bwino, komanso pa kafukufuku woona ngati amoxicillin ndi flagyl omwe anthu amangomwa mwachisawawa akugwirabe ntchito.

Chosowa chachikulu ndi anthu ogwira ntchitoyo. Pamene College of Medicine, yomwe tsopano ili mu KUHeS, inkayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow, dziko lonse lidali ndi madokotala otere osakwana 50. Boma lidakhazikitsa ndondomeko ya zaumoyo wa m'kamwa mu 2022. Ndondomekoyo anthu adzaiona phindu tsiku lomwe chipatala chaching'ono ku Chilomoni kapena ku Machinjiri chidzakhale ndi mpando, zipangizo ndi munthu womata dzino lisanafike pozulidwa.